Bilu ya opareshoni ya akakolo yakanidwa, tithandizeni amene mumadziwa makhodi

Mayi a Mapasa: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndabwera ndi nkhani ya kunyumba koma ndathedwa nzeru. Bambo akunyumba anapangidwa opareshoni ya akakolo ku Johannesburg miyezi itatu yapitayo, ija amalowetsa kakamera mkati osang'amba mwendo. Tinalipira tokha poyamba, tinachita kukongola kubanki mkhonde ndi kwa alamu anga, podziwa kuti inshuwalansi ya kuntchito kwanga itibwezera. Inshuwalansiyo ndi ya ku America poti likulu la bungwe lathu lili kumeneko. Nde lero kwabwera kalata akuti sabweza olo tambala. Ndi manambala okhaokha, 29891, 29894, 29895, 29898, kenako CO-97 katatu ndi CO-11 kamodzi. Ine ndimagwira za malipiro a antchito, izi sindikuzitolera olo pang'ono. Alipo angandimasulire?

Madala a Records: Pepani amayi. Koma musanaponye chithunzi chilichonse pano mufufute dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya membala. Gulu lino tilipo ambiri ndipo ena sindikuwadziwa nkhope. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lilipo tsopano kuno, la 2024 lija, tisamachite ngati kale.

Mjomba wa Luwinga: Kodi khodi yake ndi iti kkkkk. Pepani ndimafuna ndingonena zimenezo kaye

Mayi a Mapasa: Mjomba inu anthu akulira inu mukuseka 😂 chabwino ndafufuta, ndaponya kalatayo ndi lipoti la adokotala masamba awiri

Sister wa Theatre: Anavulala bwanji bamboo?

Mayi a Mapasa: Mpira wa madala wa Lamulungu masana uja. Munthu wa zaka zopitirira 40 koma kuthamanga ngati akufuna amutenge ku Moyale. Anabinya mwendo wakumanja, tinathowa ndi madzi otentha sabata yonse, apongozi anabwera kuchokera ku Ekwendeni nkumutema mphini, X-ray akuti palibe chothyoka. Koma chaka chonse munthu akutsimphina, akatsika chitunda cha kwathu ku Masasa mwendo umangoti gwa ngati wina waika kamwala mkati, madzulo watupa. Mpaka anakajambulitsa MRI nde kunapezeka vuto

CO (Clinical Officer) wa Mafupa: Nkhani imeneyo timaiona kwambiri, makamaka anyamata a mpira ndi okwera kabaza. Ndifotokoze kaye thupilo, a makhodi abwere pambuyo, chifukwa osadziwa fupa lake manambalawo sangamveke. Pa akakolo pakumana mafupa atatu. Tibia, fupa lalikulu la msongolo lija, fibula, laling'ono la kunja, ndi talus lomwe lili pansi pawo ngati chishalo cha njinga. Pamwamba pa talus pali cartilage, chija choyera choterera chomwe timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku. Munthu akabinya kwambiri kachidutswa ka choyeracho pamodzi ndi kafupa kapansi pake kamatha kuphwanyika kapena kusweka nkumayandama mkati. X-ray wamba nthawi zambiri saonetsa bwino, nchifukwa chake anakuuzani palibe chothyoka. Pansi pa talus pali fupa la chidendene, calcaneus, ndipo pokumana awiriwa ndi mfundo ina yosiyana, subtalar. Anthu timangoti akakolo zonse koma ndi mfundo ziwiri.

Mwana wa Mzuni: Nde kamera imalowa bwanji malo othina choncho?

Sister wa Theatre: Ine ndinaonako pomwe ndinapita kumaphunziro kunja. Amaboola timabowo tiwiri kutsogolo kwa akakolo, kena mbali ya mkati kena mbali ya kunja, chilichonse chosakwana chala cha mwana. Kumodzi kamera, yowonda ngati chubu cha bolopeni, kwinako zida. Amapopera madzi mkati kuti mfundo itseguke ndipo zonse amaonera pa sikirini. Asanaboole bowo la kunja adokotala amapinda phazi ndi kukoka kachala kachinayi kuti kamtsempha kena ka pansi pa khungu kaonekere, amakajambula ndi peni kuti asakadule, akakadula pamwamba pa phazi pamachita dzanzi. Chomwe chinandidabwitsa ndi choti akamaliza ulusi ndi umodzi kapena iwiri pa bowo basi

Mayi a Mapasa: Eeh ndi zoona, apongozi atawona zipserazo anati ndalama zonse zija mwalipira timabowo iti, mphini zanga zinali zazikulu kuposa apa

Mjomba wa Luwinga: Apongoziwo akunena zoona 😂😂

Achemwali a CPC: Ndafika ine wa ntchito ya makhodi a zipatala, magetsi anathima kuno ku Chibavi foni inali itafa. Ndawerenga zonse ziwiri. Amayi musadandaule kwambiri, nkhaniyi ndi yokonzeka, koma ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti makhodi anayiwo sadzalipira onse ndipo akulondola kukana atatuwo. Ndiyambe ndi matanthauzo. Manambala a madijiti asanuwa ndi CPT, buku la American Medical Association, limanena zomwe dokotala WACHITA. 29891 ndi kuchotsa malo owonongeka a cartilage ndi fupa pa talus kapena tibia kudzera pa kamera, ndipo mawu ake amati kuboola fupalo kuli momwemo kale. 29894 ndi kuchotsa kachidutswa koyandama mu mfundo. 29895 ndi kuchotsako mbali ya synovium, kachikopa ka mkati mwa mfundo komwe kamatupa. 29898 ndi kupala ndi kuyeretsa mfundo kwakukulu, mnzake wamng'ono ndi 29897. CO-97 akutanthauza kuti ntchito iyi malipiro ake ali kale mkati mwa ntchito ina yomwe mwatchula. Ngati mmisiri wakhoma malata nkukulemberani bilu ina yokwera pa denga ndi ina yotsika.

Mayi a Mapasa: Koma zonsezo anachitadi, zalembedwa mu lipoti. Nanga ndi bodza?

Achemwali a CPC: Si bodza ayi, anachitadi. Koma kuchita ndi kwina, kulipiritsa padera ndi kwina. Ku America kuli malamulo otchedwa NCCI, anawakonza ndi a CMS, omwe amayendetsa Medicare, inshuwalansi ya boma lawo ya okalamba, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi amatengera omwewo. Buku lawo limanena poyera kuti kupatula bondo ndi phewa zomwe zili ndi malamulo akeake, kupala mfundo sikulipiritsidwa padera ngati wachita opareshoni ina ya kamera mu mfundo yomweyo tsiku lomwelo. Nde 29898 yagwa pamenepo. Synovium nayo ngati wangoimeta kuti uone bwino pogwira ntchito yaikulu, imeneyo ndi njira yopitira, 29895 yagwa. Madokotala ambiri amadandaula nalo lamuloli, amati ndikachotsa kafupa komera kutsogolo kwa tibia ndi ntchito ina yosiyana ndi ya pa talus, ndipo ine ndimawamvetsa, lipoti la bambowa likuonetsa kuti kafupa koteroko anakachotsadi. Koma inshuwalansi yanu kalatayi ikuonetsa kuti imatsata NCCI

Mwana wa Mzuni: Nanga kachidutswa koyandama kaja? Kameneko ndiye kamawapweteka bambowa

Achemwali a CPC: Apa nde pokoma. Kuyambira 2021 buku la CPT linaika lamulo loti kachidutswa ukalipiritse pokhapokha ngati kukula kwake kukufanana kapena kuposa chubu chomwe ukugwiritsa ntchito, moti unachita kusintha chubu kuika chachikulu, kapena kukulitsa bowo, kapena kuboola lina kuti katuluke. Tsopano werengani tsamba lachiwiri la lipotilo mzere wa chapakati. Adokotala alemba kuti kachidutswa kakang'ono anakatulutsa pa bowo lomwelo ndi kopanira, sanatchule kukulitsa chilichonse. Basi 29894 yathera pomwepo. Akanalemba kuti ndinakulitsa bowo bwenzi tikukambirana zina

Mjomba wa Luwinga: Aaa achemwali inunso mukuchita ngati ndinu a inshuwalansiwo. Ine ndinamva kuti pali kanambala kamatsenga, 59, ukangokaika kumapeto kwa khodi kompyuta imatsegula chitseko zonse zimadutsa. Amayiwa ali ndi ngongole, ikani 59 pa zonse zitatu ndalama zibwere, nkhani yatha

Achemwali a CPC: Mjomba 59 ndi yomwe imachotsetsa anthu ntchito kuposa mowa. Modifier 59 imanena kuti ntchito iyi ndi yosiyana kwenikweni, malo ena, chiwalo china kapena nthawi ina. Chifukwa anthu ankaigwiritsa ntchito ngati kiyi wotsegula maloko onse, a CMS mu 2015 anabweretsa zina zinayi zofotokoza bwino, XE, XS, XP ndi XU, kuti unene kusiyanako ndi kotani. XS ndi chiwalo china. Mwachitsanzo a CO anena kuti subtalar ndi mfundo ina, nde dokotala atalowa mu akakolo nkulowanso mu subtalar, nkulemba bwinobwino zonse ziwiri, pamenepo mpomwe ungaganize za XS, chifukwa subtalar ili ndi makhodi akeake, 29904 kachidutswa, 29905 synovium, 29906 kupala, 29907 kulumikiza mafupa kuti mfundo isamayendenso. Koma kwa bambowa zonse zachitika mu mfundo imodzi. Kuika 59 pamenepo ndi kunama ndipo amene wasaina fomu ndi amayiwa osati inu

Mjomba wa Luwinga: Kunama kwake kuti, anachita kapena sanachite?

Madala a Records: Mjomba mwauzidwa kale. Ine ndagwira ntchito ya mafayilo kuyambira nthawi yomwe tinkalemba ndi kaboni katatu, ndinaonapo kalaliki wina pa kiliniki ina sindiitchula, ankaonjezera timizere pa makleimu, bandeji apa jakisoni apo. Zinayenda zaka ziwiri. Tsiku lomwe anabwera oona mabuku anangotenga mafayilo khumi nkuyerekeza ndi zolemba za namwino, mnyamata uja anatuluka ndi kajumbo ka kapu ndi supuni yake, mvula ija ya Mzuzu yosaleka ikumuwaza mpaka pa depoti. Eni kiliniki anabweza ndalama, iwo anapulumuka, iye mpaka lero ali pa msika

Mjomba wa Luwinga: Chabwino ndagonja. Koma mtima ukuwawa, olemera amalemba malamulo okomera iwo

Sister wa Theatre: Pamenepo sindikutsutsani mjomba. Munthu wagwira ntchito ola ndi theka mkati mwa mfundo yothina nkumuuza kuti tikuwerenga chimodzi. Koma amayiwa afuna ndalama zawo osati kusintha malamulo a ku America

Mayi a Mapasa: Nde mukutanthauza kuti ndalama zambiri zapita? Mutu wayamba kundipweteka

Achemwali a CPC: Ayi dikirani. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama yomwe munalipira adokotala ndi imodzi ya opareshoni yonse, risiti yanu ikuonetsa choncho. Amene anadzaza fomu ndi amene anaigawa panayi kuti igwirizane ndi makhodi anayi. Fomu ikakonzedwa ndalama ya adokotala iikidwe pa 29891 monga momwe risiti ilili, kenako inshuwalansi ibweza molingana ndi polisi yanu, mwina yonse mwina gawo, zimenezo werengani mu kabuku kanu. Chachiwiri ndiye chomwe chapha kleimu yonse, CO-11 ija, akuti matenda sakugwirizana ndi opareshoni. Taonani bwino fomuyo. Pa opareshoni alemba 29891-RT, RT ndi kumanja. Pa matenda alemba M93.272. Amayi bambo anavulala mwendo uti?

Mayi a Mapasa: Wakumanja

Achemwali a CPC: M93.272 ndi osteochondritis dissecans, kuwonongeka kwa cartilage ndi kafupa kapansi pake kuja, ya akakolo a KUMANZERE. Kumanja ndi M93.271. Kompyuta yawo yaona munthu wodwala mwendo wamanzere wapangidwa opareshoni wamanja, yakana

Mjomba wa Luwinga: Hahaha ayi ndithu, ka 2 kamodzi kagwetsa nyumba

Mayi a Mapasa: Ambuye wanga. Miyezi itatu osagona chifukwa cha ka 2

Mwana wa Mzuni: Koma chipatala chachikulu cha ku Joni chingalakwitse chonchi? Mesa ali ndi makompyuta

Achemwali a CPC: Ndikuganiza ndikudziwa momwe zinachitikira ngakhale sindinalipo. Ku South Africa makleimu a medical aid amagwiritsa ntchito ICD-10 ya WHO, buku la makhodi a matenda. Ya WHO ilibe kumanja kapena kumanzere. Pa matenda a mafupa imangoonjezera nambala ya malo, 7 ndiye akakolo ndi phazi, mwachitsanzo kachidutswa koyandama mu akakolo ndi M24.07 basi. Aku America anatenga buku lomwelo nkulikulitsa, lawo ndi ICD-10-CM, anayamba kuligwiritsa ntchito pa 1 October 2015, ndipo iwo amaonjezera dijiti ina, nthawi zambiri 1 kumanja 2 kumanzere. Chomwecho kwa iwo ndi M24.071 kapena M24.072. Nde munthu wa ku ofesi wozolowera la WHO atapatsidwa fomu ya ku America anachita kusaka pa intaneti, pakutuluka mizere itatu yofanana, wadina wolakwika. Ndikuona ndi momwemonso anapezera makhodi anayi aja, anangowerenga lipoti nkusaka liwu lililonse

Mayi a Mapasa: Mmm. Ndiulule. Fomuyo sanadzaze a kuchipatala. A kuchipatala anatipatsa bilu yawo ya makhodi akwawo, inshuwalansi inabweza kuti tikufuna CPT, nde mwana wa achemwali anga amene amadziwa kompyuta anatithandiza usiku wina pa foni

Mjomba wa Luwinga: 😂😂😂 ndafa ine. Tinatsala pang'ono kutukwana anthu osalakwa

Madala a Records: Musamukalipire mwanayo, wayesetsa. Koma fomu yatsopano musadzaze nokha kachiwiri. Lembani ku ofesi ya adokotala aja, muwapemphe kalata yosainidwa yonena dzina la opareshoni, mwendo wake ndi matenda ake m'mawu, ngati angathe aikepo CPT okha. Makhodi azichokera kwa amene anagwira mpeni

Sister wa Theatre: Ndipo mwendo ukhale wolembedwa mawu onse, right, osati ka R kokha. Ku theatre nkhani ya mbali sitisewera nayo, pa checklist ya WHO ija timaima tonse tisanayambe kucheka, wina amatchula dzina la wodwala, opareshoni yake ndi mbali yake mokweza, mwendo umakhala utajambulidwa kale ndi maka. Zomvetsa chisoni kuti ife timasamala choncho kenako pepala likapita ku ofesi mwendo umasintha

CO wa Mafupa: Funso kwa achemwali. Lipotili akuti microfracture osati drilling. Ife timasiyanitsa, drilling ndi waya wozungulira pa makina, microfracture ndi kachitsulo kosongoka kokhota komwe umakhoma timabowo pafupipafupi mpaka timadontho ta mafuta ndi magazi a m'fupa tituluke, timeneto ndi tomwe timadzaundana nkupanga chophimba chatsopano, ngakhale sichilimba ngati choyamba chija. Amakonda kutero bala likakhala laling'ono, losapitirira pafupifupi 1.5 cm². Nde khodi ikhala yomweyo?

Achemwali a CPC: Pa akakolo inde, ma coder timaika 29891 yomweyo chifukwa cholinga ndi chimodzi ndipo akakolo alibe khodi ya microfracture payokha. Bondo ndi lomwe lili ndi 29879 yomwe imatchula microfracture. Yomwe muyenera kusamala nayo ndi 29892, imeneyo ndi pamene chidutswa ndi chachikulu ndipo dokotala sanachitaye koma wachibwezeretsa, kapena wakonza fupa losweka pamwamba pa talus kapena pansi pa tibia mothandizidwa ndi kamera. Kuchotsa ndi 29891, kukonza ndi 29892. Pa mayeso amakonda kukola anthu pamenepa

Mwana wa Mzuni: Mayeso ake ati? Ine nkhaniyi yandikoka, ndikumaliza chaka chino ndipo ntchito kulibe

Achemwali a CPC: CPC, mayeso a ntchito ya makhodi a zipatala, amapereka ndi a AAPC, bungwe la ma coder la ku America. Umalemba mabuku ali potsegula, CPT, ICD-10-CM ndi HCPCS, la makhodi a zida ndi mankhwala, ndipo umafunika 70 pa 100. Osanamizana, mabukuwo ndi odula ndipo amasintha chaka chilichonse, CPT pa 1 January, ICD-10-CM pa 1 October, nde buku la chaka chatha lomwe wina akugulitsa motchipa likhoza kukugwetsa. Ndipo ukakhoza umayamba ndi ka A kumapeto, CPC-A, kusonyeza kuti ukadali wophunzira, ntchito siibwera mawa lake. Ine ndinakhala nthawi ndithu ndikungotumiza makalata. Panopa ndimagwira usiku chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, m'nyengo yozizira ija ndimakhala ndi bulangeti, mbaula pambali, khofi wa konkuno, kuwerenga za mapazi a anthu omwe sindidzawaona

Mjomba wa Luwinga: Nde muzitiponyerako malipoti awo tiziphunzira

Achemwali a CPC: Mjomba lero mwatsimikiza kundimangitsa eti. Pali lamulo lawo loteteza zinsinsi za odwala, HIPAA la 1996, kungojambula sikirini ndi foni ntchito yatha pompo

Mwana wa Mzuni: Tipatseniko misampha ina ya phazi, yongopeka

Achemwali a CPC: Chabwino itatu basi ndikufuna ndiphike. Woyamba, dokotala walowetsa kamera mu akakolo kungoyang'ana osachita kanthu. Bondo lili ndi khodi yake yoyang'ana, 29870, phewa 29805, koma akakolo alibe, nde umapita ku 29999, ya opareshoni ya kamera yomwe ilibe khodi, ndipo umatumiza ndi lipoti ndi kalata yofotokoza, imachedwa kulipiridwa koopsa. Wachiwiri, kamera mu mfundo ya chala chachikulu cha kuphazi. Wophunzira amaona 29900 mpaka 29902 nkusangalala, koma amenewo ndi a zala za m'manja, metacarpophalangeal, pomwe kuphazi ndi metatarsophalangeal, kusiyana zilembo zochepa chabe. Kuphazi ubwereranso ku 29999. Wachitatu, dokotala wayamba ndi kamera, zavuta, wang'amba nkumaliza motsegula. Umalemba yotsegula yokhayo, ya kamera siiwerengedwa

Sister wa Theatre: Nanga ija ya chidendene, anthu oimirira tsiku lonse ngati ife, m'mawa ukaponda pansi ngati waponda msomali?

Achemwali a CPC: Plantar fasciitis, matenda ake M72.2, akachita kudula ndi kamera ndi 29893. Koma sister musathamangire mpeni kkk

CO wa Mafupa: Ayi ndithu, ambiri amachira ndi kuwongola mwendo, nsapato zabwino ndi nthawi. Bwerani mudzandione ndikuonetseni zochita ndi botolo la madzi oundana

Kalaliki wa Katoto: Ndakhala ndikungowerenga. Ine chomwe chikundivuta ndi limited ndi extensive, 29897 ndi 29898. Malire ake ali pati? Chifukwa aliyense angasankhe yaikulu

Achemwali a CPC: Funso limenelo limatipweteka mutu tonse. Pa phewa anakonza mu 2021, anati 29822 ndi ziwalo chimodzi kapena ziwiri, 29823 zitatu kupita m'tsogolo, umangowerenga. Pa akakolo buku silinaike nambala. Nde zimadalira zomwe dokotala walemba, wapala pati ndi pati, kutsogolo kokha kapena ndi m'mbali momwe, wachotsa kafupa komera kapena ayi. Akangolemba kuti ndayeretsa mfundo osafotokoza, ine ndimaika yaing'ono kapena ndimamubwezera funso. Kungolemba liwu loti extensive opanda tsatanetsatane oona mabuku salilandira. Ndipo ziwirizi sizikhalira limodzi pa akakolo amodzi

Kalaliki wa Katoto: Kwathu kuno zinthu nzosavuta chonchi bwanji. Ife pa kiliniki timangotenga mndandanda wa mitengo wa scheme, kaya MASM kaya ina, matenda adokotala amalemba m'mawu, membala wasaina, basi

Madala a Records: Zosavuta lero. Koma nanunso zikabwerera mumadandaula pagulu pompano kuti alemba zosawerengeka. Ku boma nkhani ndi ina, wodwala salipira nde kulemba kwathu ndi kwa chiwerengero, ma register kenako kulowetsa mu kompyuta ya unduna, DHIS2, mwezi ukatha. Koma dziko likupita ku makhodi, ICD-11 ya WHO inayamba kugwira ntchito mu January 2022, ndipo opareshoni za mafupa zikukula kuno, onani chipatala cha LION ku Lilongwe pafupi ndi Kamuzu Central, Beit CURE ku Blantyre. Achinyamata inu phunzirani, ife tikupita kumudzi kukalima khofi

Mjomba wa Luwinga: Madala mwakhala mukupita kumudzi kuyambira gulu lino lisanayambe

Mayi a Mapasa: Abale ndibwezeni ku nkhani yanga kaye musanayambe kunyozana. Ndilembe chani kwenikweni? Ndili ndi pepala ndi bolopeni pano

Achemwali a CPC: Lembani. Mutumize ngati kleimu yokonzedwa, corrected claim, osati yatsopano, apo ayi kompyuta idzati mwatumiza kawiri nkukananso, nde muikepo nambala ya kleimu yoyamba ija. Mzere wa adokotala 29891-RT, matenda M93.271, koma adokotala atsimikize m'kalata yawo kuti matendawo ndi omwewo, ine ndikungowerenga zomwe zili pa lipoti. Mumangirire lipoti la opareshoni masamba onse awiri, zotsatira za MRI, bilu yoyambirira ya chipatala ndi malisiti. Bilu ya chipatala, ya dokotala wogonetsa ndi ya ndodo zoyendera ndi zosiyana ndi ya dokotala wocheka, onani ngati munazitumiza chifukwa pa kalatayi sindikuziona. Ndipo mawa lomwe muwaimbire mufunse tsiku lomaliza lotumizira zokonza, kampani iliyonse ili ndi malire ake, miyezi itatu yapita kale. Mufunsenso ngati pankafunika chilolezo opareshoni isanachitike

Mayi a Mapasa: Chilolezo tinatenga, imelo ndili nayo. Koma ya dokotala wogonetsa sitinatumize, ili mu envelopu mu sutikesi, ndimayesa zonse zili pamodzi

Achemwali a CPC: Itulutseni, imeneyonso ndi ndalama. Nambala ya chilolezo ija muilembe pa fomu. China, ulendo wobwereza kwa dokotala yemwe anachita opareshoni, kuchotsa ulusi ndi kuona bala, kwa iwo zili mkati mwa masiku 90 a opareshoni, nde akakana zimenezo musadabwe. Koma physio ndi yapadera, malisiti ake sungani

CO wa Mafupa: Physio yo akupitadi bambowo? Chifukwa microfracture imafuna ulemu, masabata oyamba osaponda, kenako pang'onopang'ono. Chophimba chatsopano chija ndi chanthete

Mayi a Mapasa: Akupita ku Mzuzu Central kawiri pa sabata. Koma Loweruka ndinawapeza akupukuta ma boots awo kuseri kwa nyumba, akuti ndikungowaona ngati sanachite nkhungu

Sister wa Theatre: Bisani ma boots amenewo amayi, mukawapatse apongozi akawasunge ku Ekwendeni

Mjomba wa Luwinga: Kapena mundigulitse, ndimavala 8

Mayi a Mapasa: Ndi 10 mjomba, mudzachita kuika nyuzi kutsogolo. Achemwali ndikalemba kalata ya kwa adokotala ndikutumizirani ku inbox muione kaye ndisanatumize. Yewo chomene nonse

Achemwali a CPC: Tumizani isanakwane 8, ikakwana ndimakhala ndalowa ntchito. Ndipo mwana wa achemwali anu uja mumuuze andipeze, munthu wopeza 29891 yekha pa foni usiku mutu ulipo

Madala a Records: Amayi zithunzi ziwiri zija muzichotse pagulu tsopano, pa tsamba lachiwiri pansi dzina la adokotala likuonekabe